Simunaliitane, koma n'lanu: mawu kwa achinyamata okhala ndi ADHD

Ana anga, ndikufuna kulankhula ndi ena mwa inu amene mutu wanu sukhala pamodzi: inu amene mumayamba ntchito zisanu m'mawa koma dzuwa n'kulowa popanda ndi imodzi yomwe yatha, amene mumatumidwa mchere n'kubwera ndi sopo, amene mumadula mawu munthu wamkulu musanaganize n'komwe, kenako manyazi n'kukusowetsani tulo. Aliyense amaiwala ndipo aliyense amazengereza nthawi zina. Koma pali anthu amene zimenezi zinawayamba ali ana, zimawatsata kunyumba, kusukulu ndi kuntchito komwe, ndipo zawawonongera kale mayeso, ndalama ndi maubwenzi. Madokotala vutoli amalitcha ADHD, ndipo mabuku a m'ma 1980 ankalitcha ADD. Munthu wotere amamva mawu a mbali ziwiri. Achikulire ambiri a msinkhu wanga amati ndi ulesi, mwano, kusaleredwa bwino, ndipo mankhwala ake ndi chikoti. Akatsegula foni amakumana ndi ena omuuza kuti ubongo wake unapangidwa choncho, anthu angomulandira ndipo asamufunse kanthu. Mbali zonse ziwirizi zimamusiya munthu pamene zinamupeza. Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti vutoli simunaliitane, koma moyo umene likuusokoneza ndi wanu, ndipo udindo wanu suli pa mphindi imene mwaiwala ija. Uli pa zimene munakonzeratu, kapena simunakonze, nthawi imene mutu unali bwinobwino.

Ndiyambe ndi achikulire anzanga, chifukwa mwana amene wakula akuuzidwa kuti ndi waulesi amafika pokhulupirira. Vutoli si la dzulo, ndipo silinabwere ndi mafoni. Mu 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene maganizo awo sakhazikika pa chinthu chimodzi, ndipo anaona kuti ena amabadwa otero. Mu 1902 dokotala wa ana, George Still, anafotokozera madokotala anzake ku London za ana anzeru bwinobwino amene ankalephera kudzigwira, ena mwa iwo oleredwa m'mabanja osamala ndithu. Mu 2007 Guilherme Polanczyk wa ku Brazil ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku woposa 100 wa m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, napeza kuti pafupifupi ana 5 pa 100 alionse ali ndi vutoli; kusiyana kwa ziwerengero pakati pa maiko kunkachokera makamaka pa njira zofufuzira, osati pa dera. Mwa akuluakulu, ndi anthu awiri kapena atatu pa 100. Kafukufuku wa mapasa akusonyeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kusiyana kwa anthu pa khalidweli ndi za kumtundu. Amene amati awa ndi matenda a azungu aganizirenso izi: kubadwa masiku asanakwane kumakweza chiopsezo cha ADHD, ndipo lipoti limene bungwe la WHO linatulutsa ndi mabungwe ena mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa 100. Mtovu, umene wadetsa dothi la Kabwe ku Zambia, nawonso umawononga ubongo wa ana. Madokotala a ku Blantyre ndi ku Uganda aonanso kuti ana ena opulumuka malungo a muubongo amatsala ndi vuto la kusakhazikika ndi kulephera kudzigwira. Vutoli lili pakati pathu. Chimene chasowa ndi oliyeza, ndipo ana athu akhala akulisenza pansi pa maina ena: wosamva, wopulupudza, wolodzedwa.

Tsono chimene chimavuta m'mutu mwa munthu wotere n'chiyani? Apa tidekhe, chifukwa malangizo onse amene nditi ndikupatseni atsamira pa yankho lake. Katswiri wa ku America, Russell Barkley, amene wafufuza vutoli kwa zaka zambiri, amaphunzitsa kuti munthu wa ADHD nthawi zambiri amadziwa choyenera kuchita. Chimene chimamukanika ndi kuchichita pa nthawi yake ndi pamalo pake. Mukamufunsa Lachisanu ngati n'kwanzeru kuwerenga mayeso akadali kutali, adzakuyankhani bwino ngati mphunzitsi. Loweruka likafika, nzeru ija sitsika kufika m'manja. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo ndi imene imasunga chinthu m'maganizo pamene manja akuchita china, imamanga lilime, ndiponso imachititsa kuti za mawa zimveke kulemera lero. Mu 2007 Philip Shaw ndi anzake ku America anajambula ubongo wa ana oposa 400, theka lawo a ADHD, napeza kuti mwa anawa ubongo umakhwima motsata njira yomweyo koma mochedwa ndi zaka pafupifupi zitatu, makamaka kutsogoloko. Palinso umboni wakuti dopamine, timadzi timene ubongo umagwiritsa ntchito posonyeza kuti chinthu n'choyenera kuchilimbikira, sitiyenda mofanana ndi mwa anthu ena. Pamenepa m'pamene pali yankho la funso limene makolo amafunsa atapsa mtima: ngati sangakhazikike, bwanji mpira amaonera mpaka kutha, bwanji pa bawo kapena pa foni amakhalapo tsiku lonse? Mpira ndi foni zimalipira pompopompo, mphindi iliyonse pamachitika kanthu. Masamu a Folomu 3 malipiro ake amadzabwera pa MSCE, chaka chinacho. Chidwi chilipo, nthawi zina chochuluka moti munthu amaiwala ndi kudya komwe, koma sichimvera mwini wake. Chimathamangira chatsopano, chosangalatsa, kapena choopsa chimene chafika kale pakhomo. N'chifukwa chake chikoti sichichiritsa. Mantha amamudzutsa munthu masiku awiri, lachitatu zonse zabwerera mwakale, kungoti tsopano wayambanso kudzida.

Wina wa inu anena kuti: ngati zili choncho, mukumusenzetseranji udindo munthu amene ubongo wake sukumulola? Funsoli n'lolemera ndipo sindilipeputsa. N'zoona kuti kukumbukira sikulamulidwa, ndipo kuuza munthu wotere kuti angolimbikira kuli ngati kusamuuza kanthu. Koma taganizani za mlimi amene makolo anamusiyira munda wa pamtsetse. Mtsetsewo sanausankhe. Mvula ya mu Januwale ikatsika ndi mphamvu, khama la tsiku limenelo silingaimitse madzi. Ngakhale athamange ndi khasu m'mvula momwemo, nthaka ipita ndithu. Tikamati mlimiyu ali ndi udindo, tikunena za mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo: kodi anaika akalozera, anapingasa mizere, anatseka timing'alu tisanasanduke zigwembe? Mnzake wa pamalo athyathyathya safunika kuvutika choncho, ndipo zimenezo zimawawa, koma kuwawako sikubweza nthaka. Inunso palibe munthu wachilungamo angakuimbeni mlandu chifukwa mutu wanu wataya tsiku la intavyu. Komabe munkadziwa kuti mutu wanu umataya masiku. Tsiku limene munalandira uthengawo, mutu uli m'malo, munali ndi mphamvu yolilemba, yotchera alamu pa foni, youza mchemwali wanu kuti adzakuimbireni usiku wake, yoika zovala ndi ziphaso pakhomo. Mphamvu imeneyo ADHD imaichepetsa koma siyiithetsa. Munthu amene sakudziwa vuto lake tingamukhululukire zambiri. Mukalidziwa, kudziwako kumakumasulani ku dzina la ulesi, ndipo nthawi yomweyo kumakumangirirani ku ntchito yokonzeratu. Simungalandire chimodzi n'kukana chinacho.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa chimene chili pachiswe si kope lotayika lokha. Ku Denmark, Søren Dalsgaard ndi anzake anatsata anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo mu 2015 anasonyeza kuti anthu a ADHD ankamwalira msanga kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo, makamaka chifukwa cha ngozi. Musachite mantha mopitirira, chifukwa imfazo zinali pafupifupi 6 pa anthu 10,000 pa chaka, koma musazinyalanyazenso. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti akuluakulu a ADHD amachita ngozi zazikulu za pamsewu mochuluka ndi pafupifupi 45 pa 100 kuposa ena. Mnyamata amene akuyendetsa kabaza atanyamula mayi ndi mwana, foni ili m'thumba ikulira, amve bwino pamenepa, chifukwa phuma lake silidzapweteka iye yekha. Anthu a ADHD amagweranso mosavuta mu fodya, mowa, chamba ndi kubetcha. Ndipo musadalire kuti mukakula zitha zokha. Margaret Sibley ndi anzake anatsata ana a ADHD oposa 500 mpaka atafika zaka za m'ma 25, ndipo mu 2022 anasonyeza kuti 9 okha pa 100 ndi amene anachira n'kukhalabe ochira. Ambiri vutoli linkachepa nyengo ina n'kubweranso nyengo ina. Kuthamangathamanga kwa paubwana kumazilala, koma kumasamukira m'kati: mtima wosakhazikika, kusiya ntchito mwadzidzidzi, ngongole zosawerengeka.

Udindo woyamba, tsono, ndi kufufuza moyenera ngati chimene muli nacho ndi ADHD ndithu. Apa ndiyankhenso amene amati masiku ano aliyense akudzitcha wodwala, chifukwa mbali ina akunena zoona. Mu 2022 ofufuza a ku Canada anaunika mavidiyo 100 otchuka kwambiri a pa TikTok onena za ADHD, napeza kuti oposa theka anali osocheretsa. Ngakhale madokotala amaphonya: kafukufuku wa ku Harvard wa mu 2018 anapeza kuti m'zigawo za America zimene malire a zaka zoyambira sukulu ndi 1 Seputembala, ana obadwa mu Ogasiti, amene amakhala aang'ono kwambiri m'kalasi, ankapatsidwa dzina la ADHD mochuluka ndi oposa 30 pa 100 kuposa obadwa mu Seputembala. Ubwana weniweni unkatengedwa ngati matenda. N'chifukwa chake malamulo oyezera ndi okhwima: zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba munthu asanakwane zaka 12, zitakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, zikuoneka m'malo osachepera awiri, ndipo zikuwononga moyo, osati kungosowetsa mtendere. Pali zambiri zimene zimabalalitsa maganizo koma si ADHD: njala, kusagona, kuchepa magazi, khutu losamva bwino, khunyu ya mtundu umene munthu amangoti duu kwa kamphindi, nkhawa, kukhumudwa kwakukulu, chisoni cha maliro, chamba. Chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chake, ndipo munthu wodziyeza yekha pa foni angathe kuchedwetsa chithandizo chimene akufunikira. Safunsa anadya phula. Yambirani kuchipatala cha boma lanu ndipo funsani namwino kapena dokotala woona za maganizo. Iye angakutumizeni patsogolo, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kuchipatala cha za maganizo ku Zomba, ku St John of God ku Mzuzu, kapena ku Chainama kwa a ku Lusaka. Tengani kabuku ka kuchipatala, malipoti akale a kusukulu, ndi munthu amene anakulerani, chifukwa vutoli siliyezedwa ndi magazi kapena makina. Limayezedwa ndi mbiri ya moyo wanu. Ndipo musaope khomo la chipatala cha za maganizo poganiza kuti anthu adzati mwapenga. ADHD si misala.

Za mankhwala ndilankhule mosabisa, chifukwa pamenepa anthu amagawanika. Mu 1937 dokotala wina ku Rhode Island, Charles Bradley, anapatsa ana 30 ovuta khalidwe mankhwala otchedwa Benzedrine, ndipo anadabwa kuona kuti pafupifupi theka la iwo anayamba kuchita bwino m'kalasi. Kwa zaka zambiri tsopano mankhwala odzutsa ubongo, makamaka methylphenidate amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Ritalin, akhala chithandizo chachikulu. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa ana 579, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1999, anasonyeza kuti pa miyezi 14 mankhwala operekedwa mosamala anachepetsa zizindikiro kuposa uphungu wokha. Ku Sweden, Paul Lichtenstein ndi anzake anatsata anthu a ADHD oposa 25,000 ndipo mu 2012 anapeza kuti m'miyezi imene ankamwa mankhwala, milandu ya kupolisi inkatsika ndi 32 pa 100 mwa amuna ndi 41 pa 100 mwa akazi. Umenewu si umboni woseweretsa. Komabe otsutsa nawonso ali ndi mfundo. Ana 579 a ku America aja atawatsata zaka zingapo, kusiyana kwa magulu kunazimiririka. Mankhwalawa amachepetsa njala, amasokoneza tulo kwa ena, amathamangitsa mtima pang'ono, ndipo mphamvu yake imatha tsiku lomwelo. Komiti ya WHO inakana mu 2019 ndi mu 2021 kuika methylphenidate pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, ponena kuti umboni wa phindu lake la nthawi yaitali sunali wokwanira. Maganizo anga ndi akuti amene dokotala wamulembera ndipo angawapeze, amwe mopanda manyazi, pa mlingo wolembedwa, akubwerera kukaonedwa. Asagawireko mnzake wa mayeso, asagulitse, chifukwa awa ndi mankhwala otetezedwa ndi malamulo a maiko ndipo mwa munthu wolakwika amapweteka. Koma asayembekeze kuti piritsi limusankhira chochita. Limamupatsa maola angapo a mutu wodekha, ndipo atha kuwathera pa Facebook modekha momwemo. Kwa amene akudzithandiza ndi chamba kapena kachasu kuti mutu ukhale chete, ndinene kuti zinthu zimenezi zimawononga kukumbukira ndi kudzigwira, zomwezo zimene zili zoperewera kale.

Ambiri a inu mankhwalawa simudzawapeza, kaya chifukwa cha mtengo kaya chifukwa cha kusowa kwake, ndiye ntchito yaikulu ili pa kakonzedwe ka tsiku. Izinso zili ndi umboni. Mu 2010 Steven Safren ndi anzake ku Boston anatenga akuluakulu 86 amene ankavutikabe ngakhale ankamwa mankhwala. Theka anaphunzitsidwa zinthu zooneka zachabechabe: kukhala ndi kalendala imodzi ndi mndandanda umodzi wa ntchito, kuduladula ntchito yaikulu, kulemba ganizo losokoneza pa pepala m'malo molitsata. Pafupifupi awiri mwa atatu a gululi anapeza bwino, poyerekeza ndi mmodzi mwa atatu wa gulu limene linangophunzitsidwa kumasula thupi. Mfundo yake ndi imodzi: chimene mutu sungasunge, chisungidwe kunja kwa mutu, pamalo pamene maso adzachione pa nthawi yake. Kope likhale limodzi, osati timapepala, ndipo liziyenda nanu. Lonjezo lililonse lilembedwe mwini wake akuona, musanatembenuke. Makiyi, chiphaso ndi foni zikhale ndi msomali wake kapena mbale yake. Musalembe kuti mukufuna kuwerenga Biology; lembani tsamba ndi mafunso atatu amene muyankhe musanadzuke pampando, chifukwa ntchito yopanda polowera ndi imene imazengerezedwa. Nthawi ya munthu wa ADHD imayenda mobisala, choncho iikeni poonekera: wotchi patsogolo panu, alamu ya nthawi yonyamukira osati yofikira. Ambiri amapeza kuti amagwira ntchito bwino pakakhala munthu wina pafupi, ngakhale asakuyankhula, ndiye werengerani ku laibulale kapena ndi mnzanu wodekha. Foni ikhale m'chipinda china, chifukwa kulimbana nayo ili pa tebulo n'kudzitopetsa pachabe. Kugona mokwanira ndi kuthamanga kapena kusewera mpira sizichiritsa, koma tsiku lotsatira kusagona zizindikiro zonse zimakula.

Pa ndalama ndiimepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene ndaona kuti malangizo ambiri amadutsa mofulumira. Kale ndalama inkafuna kuti munthu ayende kukaiwononga, ndipo ulendowo unkamupatsa mpata wosintha maganizo. Lero ili pa foni, ndipo pakati pa chilakolako ndi kubetcha pali zala ziwiri zokha. Kubetcha kunapangidwa mwa njira imene imakola ubongo wofuna malipiro a pompopompo, ndipo kwa munthu wa ADHD ndinganene mosazungulira kuti palibe kubetcha pang'ono. Chotsani zonse pa foni ndipo musayambe. Tsiku lolandira malipiro, lendi, fizi ndi chakudya zilipiridwe tsiku lomwelo. Yotsalayo iikidwe pamene kuitenga kumafuna masiku kapena kumafuna munthu wina, monga ku banki m'khonde. Chinthu chodula chimene mtima wachikonda lero chidikire mpaka mawa. Katapila amadya anthu amene mawa kwa iwo silimveka kulemera, ndipo inu muli m'gulu limenelo osati mwa kufuna kwanu.

Palinso anthu amene mumakhala nawo, ndipo apa m'pamene udindo umayesedwa kwenikweni. N'kwabwino kuuza mwamuna kapena mkazi wanu, makolo anu ndi mnzanu wapamtima za vutoli, kuti asamayese kuti kuiwala kwanu ndi kusawakonda. Kuntchito ganizirani kaye amene mukumuuza, ndipo nthawi zambiri n'kokwanira kupempha chinthu chenicheni: abwana, chonde mundilembere zimene mwanenazi, kapena tizionana Lachitatu lililonse ndikuonetseni pamene ndafika. Koma kufotokoza vuto n'kosiyana ndi kubisalamo. Mukaiwala kukatenga mwana kusukulu, mwanayo wadikira padzuwa ndithu, kaya chifukwa chake ndi dopamine kaya n'chiyani. Kupepesa kwabwino kumatchula chimene chawonongeka, kumabweza chimene chingabwezedwe, ndipo kumanena chimene chisinthe kuti zisachitikenso mosavuta. Dzina la matenda libwere pomalizira, ngati likufunika n'komwe. Chenjeraninso ndi chizolowezi chosandutsa munthu wokukondani kukhala mutu wanu. Kupempha kuti azikukumbutsani chinthu chimodzi chimene mwagwirizana n'kuthandizana. Kumusiyira zonse, iye n'kumakumbukira mabilu, masiku a sikelo ndi maliro a kwanu komwe, kenako inu n'kumamukalipira kuti amalongolola, kumatopetsa chikondi mpaka kutha. Ndipo popeza mkwiyo wa munthu wa ADHD umayaka msanga, gwirizanani mtima uli pansi kuti mukaona moto ukubwera muzituluka panja kaye, nkhani idzapitirire mukabwera.

Ena adzakuuzani kuti ADHD ndi mphatso, n'kutchula Michael Phelps, amene anapezeka nayo ali ndi zaka 9 koma anapata mendulo zagolide 23 pa masewera a Olympic, kapena Simone Biles, amene mu 2016 ananena poyera kuti ali nayo ndipo wakhala akumwa mankhwala kuyambira ali mwana. Anthu amenewa akutsimikizira kuti vutoli silitseka njira. Koma yang'anani mmene anakhalira: ndondomeko yokhwima tsiku ndi tsiku, aphunzitsi owayang'anira, ntchito imene thupi limayenda ndipo zotsatira zimaoneka msanga. Phunziro lake ndi lakuti musankhe ntchito yogwirizana ndi mutu wanu pamene mungathe, ndipo mudzizinge ndi dongosolo limene simungalipange nokha m'kati.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimandigwira mtima kwambiri. Wina anena kuti: mukulankhula za makope ndi ma alamu kwa mwana amene ali m'kalasi ya ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi, m'mimba mulibe kanthu, dokotala wa za maganizo ali mtunda wa tsiku lathunthu, kodi uku si kusenzetsa wosauka katundu wa boma? N'zoona kuti katunduyu si wa inu nokha. Aphunzitsi ayenera kuphunzitsidwa kuzindikira mwana wotere, kumukhazika kutsogolo, kumupatsa malangizo amodziamodzi, kumutuma kufufuta bolodi m'malo momugwaditsa panja. Ayenera kudziwanso kuti atsikana ambiri a ADHD sasokosa. Amangokhala phee maganizo ali kutali, ndipo amadutsa osaonedwa mpaka atalephera. Makolo, mipingo ndi unduna wa zaumoyo ali ndi gawo lawo, ndipo kwa mwana wa zaka 8 pafupifupi udindo wonse ndi wa akuluakulu. Koma ine ndikulankhula ndi inu amene mwafika zaka 17, 20, 25, amene udindowo wayamba kusamukira m'manja mwanu. Kudikira kuti zonse zikonzedwe kaye n'kupereka zaka zanu zabwino kwa anthu amene sakukudziwani ndi dzina lomwe. Ndipo kukakamiza sukulu kapena chipatala kuti zikuthandizeni, kubwererakonso atakubwezani, kulankhula m'malo mwa mng'ono wanu amene mukuona kuti akuyenda njira yomweyo, zonsezi ndi mbali ya udindo womwewu.

Dongosolo lililonse limene mungakhazikitse lidzagwa, ndipo ndibwino mudziwiretu. Kope latsopano limagwira ntchito milungu itatu chifukwa ndi latsopano. Likazolowereka, maso amalidumpha, ndipo alamu yomweyomweyo khutu limasiya kuimva. Umu ndi mmene vutoli limachitira, ndipo sizitanthauza kuti njirayo inali yabodza kapena kuti inu ndinu wosatheka. Ikani tsiku limodzi pa mlungu, mwina Lamulungu madzulo, lokhala pansi ndi munthu mmodzi wokhulupirika n'kuona chimene chagwa, kusintha kulira kwa alamu, kusamutsa pepala la pakhoma, kulembanso mndandanda. Chimene chimawononga anthu ambiri si kugwa kwa dongosolo koma manyazi otsatira pake, amene amachititsa munthu kubisa ngongole, kuthawa mafoni a abwana, kusiya kupita kukalasi chifukwa wajomba kale kawiri. Uthenga wochedwa ndi masiku atatu utumizeni lero, ngakhale ukhale wa mawu ochepa. Dziwaninso kuti nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu zimayenda limodzi ndi ADHD mwa anthu ambiri, makamaka amene akula akunyozedwa. Mukaona kuti kwa milungu iwiri kapena kuposa palibe chikukukomerani, tulo ndi njala zasokonekera, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, imeneyo si nkhani ya kope ndi alamu ayi. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo mupite naye limodzi kuchipatala.